Mzere wa M'chiuno

Timapepala khumi ndi tiwiri ta mitundu ya penti
ndatimata pakhoma ndi selotepi.
Sabata yatha ndikungotiyang'ana
ngati wotsatsa malaya m'thumba mulibe kanthu.

Nyumbayi ndi yakale, ya ku Hatfield,
anaimanga anthu amene sankatiyembekezera.
M'chipinda chodyera matabwa azungulira khoma lonse
kuyambira pansi kulekeza m'chiuno,
pamwamba pake kamtanda kopingasa
kosungira fumbi ndi ntchentche zakufa.

Lufeyo akuti zula zimenezi, muli chiswe.
Ndagogoda thabwa lililonse. Mulibe.
Ndaziona akufuna wobiriwira wa tsamba la peyala,
ati ndi umene anzake onse akupaka.
A Dzingai, mmisiri wathu, angokhalira chitini chosatsegula,
akuti mayi, sankhanitu,
mvula ikagwa penti sauma msanga.

Palibe wandifunsa chimene ndikuopa.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ndi bulangeti limodzi,
nakhala khukhi ku Highlands zaka makumi awiri ndi mphambu,
m'nyumba ya matabwa ngati omwewa.
M'chipinda chodyeracho sanakhalepo pampando.
Ankaima chotsamira pang'ono, manja kumbuyo,
kudikira kabelu kalire.
Loweruka yunifolomu inkabwera ku Mufakose
ili ndi mzere wa polishi m'chiuno,
wofiirira, wowongoka ngati wolemba ndi rula.
Amayi ankaufikisa pasinki mpaka zala kutuwa,
koma osachoka.
Ine ndinkayesa ndi lamba.

Ndiye woyera ayi.
Woyera ndinauona wokwanira pachingwe choyanikira.
Wa mkaka nawonso ndi m'bale wake.
Wa duwa la jakaranda unandikopa Lachiwiri,
koma Okutobala akatha ndani amaufunanso?
Wotuwa umaoneka waulemu m'mawa,
madzulo magetsi atapita, pakandulo,
unasanduka khoma la chipatala,
Lufeyo n'kusiya tiyi wake osamaliza.

Dzulo miyendo inatopa.
Ndinakoka mpando, n'kukhala.
Sabata yonseyi ndakhala ndikusankha chiimirire,
msana kukhoma, manja kumbuyo,
m'nyumba imene dzina langa lili papepala!

Ukakhala pansi chipinda n'china.
Kamtanda kaja kamatsikira kuphewa,
sikakumanganso m'chiuno.
Maso amagwera pakhoma la pamwamba,
pamene dzuwa la folo koloko
limalowera pakati pa masamba a msasa
n'kumanjenjemera ngati madzi a m'beseni.
Izi bambo sanazione.
Ankaona mapazi a mipando ndi zipala za alendo.

A Dzingai, tsegulani chitini.
Matabwa apatseni wobiriwira wa mwanayu,
wakuda bwino, woti mawondo a adzukulu asaoneke.
Pamwamba pakani wachikasu wopsa,
uja wa papaya lotsala tsiku limodzi kuti mbalame zilipeze.
Lufeyo adzadandaula mpaka Khirisimasi,
kenako adzauza alendo kuti anasankha ndi iye.

Nanga kamtandaka? akufunsa, burashi ili kukhutu ngati pensulo.
Kapaleni ndi sandipepa.
Chotsani polishi yense mpaka mtengo uoneke,
mukasiye choncho.
Mipando ikakande, ana akadetse ndi manja a mango,
koma kasadzalembenso pamsana pa munthu.

Ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha bambo.
Anajambulitsa ku Mbare, pa situdiyo ya m'mbali mwa msika,
atavala jekete yobwereka, yaifupi manja,
atakhala pampando wa nsungwi,
mwendo pamwamba pa unzake.
Ndidzachikhoma m'munsi kuposa mmene anthu amakhomera,
chala chimodzi pamwamba pa kamtanda,
kumutu kwa tebulo.

A Dzingai ayamba kuvundula.
Fungo lafika kale kukhitchini.
Kunja, cha ku eyapoti, mitambo ikusonkhana,
ndipo ine sindinadzuke pampando.